Mkangano wa Doctor Who: Akati "Zalembedwa Moipa" Amatanthauza Chiyani?

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ku Highfield, tinakhala pakhonde kwa amalume kudikira nsima. Adzukulu awo awiri, mnyamata wa ku koleji ndi mlongo wake amene amagwira ntchito m'tauni, anayamba kukangana mpaka mawu kukwera, akusakaniza Chichewa, Chishona ndi Chingerezi monga timachitira kuno ku Harare. Mnyamatayo amati lafa basi, ndipo alipha ndi alembi. Mlongo wake amati palibe chafa, iweyo ndiye wakula. Amalume, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, anatsitsa wailesi n'kufunsa kuti, "Kodi maliro ake ndi a kuti amenewa?" Atamva kuti akunena sewero la pa TV la ku Britain, anangopukusa mutu.

Sewero lake ndi Doctor Who, ndipo chakoleza moto ndi nkhani ziwiri za mu 2025. Pa 31 Meyi, Ncuti Gatwa, wochita zisudzo wobadwira ku Rwanda n'kukulira ku Scotland, anasiya kusewera ngati Doctor, mwini nkhani, atangochita masizoni awiri. Mu Okutobala BBC inalengeza kuti Disney+, imene inkathirapo ndalama komanso kuonetsa seweroli kunja kwa Britain, sipitiriza. Ambiri analoza chala alembi. Koma mukamvetsera bwino, anthu awiri amene onse akuti "zalembedwa moipa" nthawi zambiri akudandaula zinthu zosiyana, ndipo ena akudandaula zinthu zimene mlembi sanazichite n'komwe.

Seweroli ndi lotani

Doctor Who ndi nkhani yopeka ya sayansi, kutanthauza nthano imene zodabwitsa zake zimachokera ku makina, mlengalenga ndi nzeru za anthu m'malo mwa matsenga. Inayamba pa BBC pa 23 Novembala 1963. Mwini nkhani amangotchedwa Doctor. Amaoneka ngati munthu koma kwawo ndi ku dziko lotchedwa Gallifrey, ali ndi mitima iwiri, ndipo amayenda m'chombo chotchedwa TARDIS, chimene kunja chimaoneka ngati kanyumba ka buluu ka foni ya apolisi koma m'kati ndi chachikulu ngati holo. Chombochi chimapita kulikonse komanso nthawi iliyonse, dzana kapena zaka chikwi zikubwerazo. Doctor amayenda ndi mnzake mmodzi kapena angapo, kawirikawiri anthu wamba, amene amafunsa mafunso amene woonera akanafunsa.

Linayenda masizoni 26 mpaka 1989, n'kuima. Mu 1996 munatuluka filimu imodzi, ndipo linabwerera mwamphamvu mu 2005. Magawo onse pamodzi apitirira 850.

Chimene chalisunga nthawi yonseyi chinabadwa chifukwa cha matenda. Mu 1966 William Hartnell, Doctor woyamba, thanzi lake linali litafooka moti sakanatha kupitiriza. M'malo motseka sewero, opanga anaganiza kuti thupi la Doctor likatopa kapena kuvulala kwambiri lizisandulika kukhala lina, nkhope ina ndi khalidwe lina, koma kukumbukira zonse zakale. Patrick Troughton analowa m'malo. Pa Chingerezi amati regeneration, ife tingoti kusandulika. Kwathu izi si zachilendo. Dzina la ufumu silifa: panali Gomani wachiwiri, lero kuli Gomani wachisanu, mpando ndi womwewo koma wokhalapo ndi wina, ndipo anthu salephera kuyerekeza wa lero ndi wa kale. Gatwa anali Doctor wa nambala 15.

Amene amasandulika mosaoneka

Woonera watsopano amaona nkhope ya Doctor ikusintha n'kuganiza kuti kusintha kwathera pomwepo. Kusintha kwakukulu kumachitika kuseri. Kuyambira 2005 seweroli limatsogozedwa ndi munthu mmodzi wotchedwa showrunner, amene ndi mkulu wa alembi komanso mkulu wa opanga. Iyeyu amasankha Doctor, amakonza kumene nkhani ya chaka chonse ikulowera, amalemba yekha magawo ofunika, ndipo ali ndi mphamvu yolembanso zimene alembi ena abweretsa. Choncho dzina limene mumaona pachiyambi pa gawo si nthawi zonse limakuuzani amene analemba mawu onse. Ali ngati mphunzitsi wa timu ya mpira. Jezi ya Dynamos imakhala ya buluu yomweyo, bwalo ndi Rufaro lomwelo, koma mphunzitsi akasintha kaseweredwe kamasintha.

Akulu a alembi akhalapo atatu. Russell T Davies anatsogolera kuyambira 2005 mpaka kumayambiriro kwa 2010, n'kubwereranso mu 2023. Mphamvu yake ili pa anthu: mayi wolongolola, chibwenzi chosiyidwa, banja lokhala m'mafulati a anthu osauka ku London. Steven Moffat, 2010 mpaka 2017, amakonda kuluka nkhani ngati mwambi, mapeto kuyamba, chiyambi kubwera pambuyo. Iye ndi amene anapeka River Song, mkazi amene Doctor akukumana naye koyamba tsiku limene mkaziyo akufa, n'kumadzakumana naye pambuyo pake mkaziyo ali wamng'ono. Chris Chibnall, 2018 mpaka 2022, ndi amene anabweretsa Jodie Whittaker, mkazi woyamba kutenga udindo wa Doctor m'seweroli, n'kumupatsa anzake atatu oyenda nawo.

Amene analowa pa nthawi ya Davies anaphunzira kuti Doctor Who ndi sewero lokuliza. Amene analowa pa nthawi ya Moffat anaphunzira kuti ndi sewero lokuzunguza mutu mpaka uwombe m'manja. Aliyense amayeza ndi muyeso wa nthawi imene analowera. Mnyamata wa pakhonde uja anayamba kuonera ali ku pulayimale, Doctor ali Matt Smith. Mlongo wake anayamba ndi David Tennant. Theka la mkangano wawo linali pamenepo, asanatchule n'komwe gawo lililonse.

Mathero ongogwa kumwamba

Dandaulo lakale kwambiri ndi la mathero. Mlembi amamanga vuto lalikulu, dziko lonse lili pa moto, kwatsala mphindi zisanu, kenako pakupezeka batani loti akangodina zonse zatha. Akatswiri amatcha izi deus ex machina, mawu a Chilatini otanthauza mulungu wotsitsidwa ndi makina. Anachokera ku zisudzo za Agiriki akale, kumene nkhani ikathina ankatsitsa ndi chingwe munthu wovala ngati mulungu kuti athetse mlandu. Tangoganizani agogo akusimba nthano ya Kalulu ndi Fisi, Kalulu wapanikizika, ndiye agogo n'kungoti kunagwa mphezi Fisi n'kufa. Ana angakane, chifukwa akudziwa kuti Kalulu amapulumuka ndi nzeru zake.

Chitsanzo chimene amakonda kutchula ndi mathero a sizoni ya 2007. Mdani wotchedwa Master walanda dziko lapansi kwa chaka chathunthu ndipo wakalambitsa Doctor mpaka kufota. Mnzake wa Doctor, Martha Jones, akuyenda dziko lonse kusimba za iye, ndipo pa mphindi imodzi anthu onse akuganiza dzina lake pamodzi, Doctor n'kupezanso mphamvu. Otsutsa amati limeneli ndi pemphero chabe lovekedwa chovala cha sayansi. Oikira kumbuyo amati ayi, nkhani inali itatiuza kale kuti Master anaika masetilaiti olumikiza maganizo a anthu, ndiye chida chake chomwe ndi chimene chinamutembenukira. Funso loyezera apa ndi losavuta: kodi chothetsa vutocho chinadzalidwa poyera nkhani ikuyamba, kapena changotulukira nthawi yokolola? Anthu awiri akhoza kuonera gawo limodzi n'kuyankha mosiyana, chifukwa wina mbewuyo anaiona, wina inamudutsa.

Opanga sewero eniake vutoli amalidziwa. Doctor ali ndi kachida konga cholembera kotchedwa sonic screwdriver, kamene kamatsegula zitseko ndi kukonza makina. Kanayamba mu 1968. Mu 1982 wopanga sewero wa nthawiyo, John Nathan-Turner, analamula kuti kaphwanyidwe m'nkhani momwemo, poona kuti kakupeputsira alembi ntchito mopitirira. Kanadzabwerera mu 1996, ndipo dandaulo linabwerera nako.

Zimene zinanenedwa kale

Apa ndi pamene mitima imapsa kwambiri. Okonda masewero otere ali ndi mawu oti canon, kutanthauza zonse zimene zimavomerezedwa kuti zinachitikadi m'nkhaniyo. Mawuwa anabwerekedwa ku tchalitchi, kumene amatanthauza mndandanda wa mabuku ovomerezeka a m'Baibulo, ndipo ngakhale kumeneko sitinagwirizane, a CCAP ali ndi 66 pamene Akatolika ali ndi 73. Kusiyana kwake n'koti Doctor Who alibe sinodi. BBC sinatulutsepo chikalata chonena kuti izi ndiye zoona, izi ayi. Alembi ambirimbiri alemba kwa zaka zoposa 60, ambiri osawerenga zonse za anzawo.

Mlembi akabwera n'kusintha mbiri yakale kuti igwirizane ndi nkhani yake yatsopano, amati wachita retcon. Zili ngati pa maliro kutulukira munthu wonena kuti malemu anali ndi banja lina ku Bulawayo. Palibe chimene chafufutidwa pa zimene munkadziwa, koma zonse mwayamba kuziona mwina.

Chachikulu cha mtundu umenewu chinachitika pa 1 Marichi 2020, m'gawo lotchedwa The Timeless Children lolembedwa ndi Chibnall. Kwa zaka zambiri anthu ankadziwa kuti Doctor ndi mmodzi chabe mwa anthu a ku Gallifrey, amene anaba chombo n'kuthawa kwawo. Gawoli linati ayi, iye anali mwana wotoledwa wochokera kosadziwika, mphamvu yosandulika mtundu wonsewo unaitenga kwa iye, ndipo anakhalapo ndi miyoyo yambiri Hartnell asanabwere, imene anaiwalitsidwa. Otsutsa anati kukoma kwa Doctor kunali koti ndi munthu wamba kwawo amene anasankha yekha kuchita zabwino, tsopano mwamusandutsa wosankhidwa chibadwire. Oikira kumbuyo anati dzina la seweroli ndi funso, Doctor ndani, ndipo funsolo linali litayankhidwa mpaka kuuma, tsopano latsegukanso. Anakumbutsanso kuti mu 1976, m'nkhani ya The Brain of Morbius, munaonetsedwa nkhope zisanu ndi zitatu zimene opanga ankafuna kuti zimveke ngati za Doctor wakale Hartnell asanafike.

Taonani kuti mbali ziwiri zonsezi sizikukamba za luso la kulemba. Zikukamba za chimene chinasankhidwa. Munthu akhoza kudana ndi ganizo lolembedwa mwaluso, ndipo akhoza kukonda ganizo lofotokozedwa mwaulesi. Pa gawo limeneli palinso gulu lachitatu, limene limati ganizolo lilibe vuto koma kafotokozedwe, chifukwa Doctor anakhala nthawi yaitali atagwidwa, akungomvetsera Master akumusimbira mbiri yake. Limenelo ndiye dandaulo la luso lenileni, ndipo m'mikangano yambiri limamira pansi pa phokoso la enawo.

Malamulo a seweroli akhala akupindika kuyambira kale. Mu 1976 kunanenedwa kuti kusandulika kumatheka ka 12 kokha. Malire atafika mu 2013, Moffat anangolemba kuti a ku Gallifrey amupatsa Doctor miyoyo ina. Filimu ya 1996 inati mayi ake a Doctor anali munthu wa padziko lapansi, ndipo alembi otsatira ambiri anangochita ngati sanamve. Mu Disembala 2023 Davies anachititsa Doctor kugawika pawiri, wa Tennant, amene anali atabwereranso kukhala Doctor, kutsala ndi moyo, wa Gatwa kutuluka pambali pake.

Nkhani kapena ulaliki

Dandaulo lina, lofala kwambiri pa YouTube ndi pa Facebook, ndi loti seweroli lasanduka guwa, likulalikira za tsankho, za amayi, za chilengedwe, m'malo mosangalatsa. Mbiri yake ikuonetsa kuti ndale sizinayambe dzulo. Seweroli linakonzedwa kuti liziphunzitsa ana, ndipo awiri mwa anzake oyamba a Doctor anali aphunzitsi, wina wa sayansi wina wa mbiri yakale. Adani otchuka, ma Dalek, mlembi Terry Nation anawapeka akuganiza za chipani cha Nazi. Nkhani ya mu 1973 inali ya kampani yothira zonyansa mu mgodi wa malasha ku Wales, ya mu 1977 inkanyoza misonkho, ndipo ya mu 1988 inali ndi wolamulira wamkazi amene ambiri anamuona ngati chithunzi cha Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain nthawiyo.

Koma kunena kuti ndale zinalipo kale sikutseka nkhani. Tonse tinamvapo maulaliki awiri pa vesi limodzi, wina wokusiya ukulingalira sabata yonse, wina wokuchititsa kuyang'ana wotchi. M'gulu la odandaula muli anthu amitundu iwiri. Ena sakondwa ndi uthengawo, kapenanso kuti Doctor ndi mkazi kapena munthu wakuda, ndipo amabisala kuseri kwa mawu oti kalembedwe. Ena uthengawo amagwirizana nawo ndithu, koma amati Doctor asamaime n'kuwauza phunziro limene nkhani inayenera kuwaonetsa. Awiriwa akamayankhidwa ngati munthu mmodzi, wachiwiriyo amakwiya, ndipo mkangano umachoka pa sewero n'kupita pa kutukwanana.

Magawo awiri akuthandiza kuona kusiyanaku. Rosa, la mu 2018, lolembedwa ndi Malorie Blackman pamodzi ndi Chibnall, limapita ku Montgomery, ku America, mu 1955, kumene Doctor ndi anzake akukakamizika kukhala phee m'basi, osathandiza Rosa Parks, mayi wakuda amene anamangidwa atakana kupereka mpando wake kwa mzungu, kuti mbiri iyende monga inayendera. Dot and Bubble, la mu 2024, silitchula tsankho mpaka kumapeto, pamene anthu amene Doctor wa Gatwa akufuna kuwapulumutsa akukana kukwera chombo chake, ndipo woonera akuzindikira mochedwa kuti m'mudzi monsemo sanaonemo munthu wakuda. Ena amakonda loyambalo chifukwa silibisa mawu. Ena amakonda lachiwirilo chifukwa limakusiya udzigwire wekha.

Zimene si za mlembi

Kale nkhani imodzi inkatenga magawo anayi kapena asanu ndi limodzi a mphindi 25, lililonse lothera pothina kuti ubwerenso Loweruka lotsatira. Kuyambira 2005 nkhani zambiri zimayamba ndi kutha m'mphindi 45. Sizoni ya 2005 inali ndi magawo 13, ya 2018 inali ndi 10, ya 2021 inali ndi 6 chifukwa cha Covid-19, ndipo za 2024 ndi 2025 zinali ndi 8 iliyonse. Pa magawo asanu ndi atatu a 2024, awiri Gatwa ankangoonekamo pang'ono, popeza ankamalizitsa kujambula sewero lina. Ndiye wina akati sitinamudziwe bwino Doctor ameneyu, kapena ubwenzi wake ndi mnzake unathamanga, akunena zoona, koma gwero lake ndi kalendala ndi thumba la ndalama.

Palinso vuto la oonera awiri. Seweroli liyenera kugwira mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amene akuliona koyamba, komanso bambo wa zaka 55 amene amaloweza maina a adani a m'ma 1970. Davies atabwerera anayambanso kuwerenga masizoni pa 1 kuti atsopano asaope, koma mathero a 2024 anadalira Sutekh, mdani wa mu 1975, ndipo a 2025 anadalira Rani wa mu 1985 ndi Omega wa mu 1973. Atsopano ena anasokonezeka, akale ena anati adaniwo sanapatsidwe ulemu wake. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ngakhale kuti seweroli lakhala likuthamangira mapanga awiriwo kuyambira pachiyambi ndipo nthawi zina lafika louma.

Nanga manambala? Gawo la Khirisimasi la 2007 linaoneredwa ndi anthu oposa 13 miliyoni ku Britain, loyamba la Whittaker oposa 10 miliyoni, pamene ena a 2025 sanafike 2 miliyoni usiku woyamba. Kutsika kulipo. Koma manambala awiri oyambawo akuphatikiza amene anaonera m'masiku otsatira, lachitatulo ndi la usiku umodzi, pa nthawi imene gawo linali litatuluka kale pa intaneti m'mawa wake. Kuwayerekeza kuli ngati kuwerenga okwera makombi pa Copacabana n'kunena kuti anthu asiya kuyenda, osawerenga okwera mushikashika. Ndipo ngakhale manambala atakhala olondola bwanji, amakuuzani kuti anthu achoka, sakuuzani chawachotsa.

Mkanganowu ndi wamkulu kuposa okangana

Mu 1976 munatuluka nkhani ya The Deadly Assassin yolembedwa ndi Robert Holmes, imene inaonetsa anthu a ku Gallifrey ngati andale okalamba okonda miyambo ndi ziwembu, osati milungu monga ankaganiziridwa. Mtsogoleri wa gulu la okonda seweroli ku Britain anailemba moidzudzula kwambiri, kuti yaononga zonse. Lero nkhani yomweyo ili m'gulu la zotamandidwa, ndipo zambiri zimene otsutsa Chibnall ankateteza mu 2020 zinachokera m'menemo.

Yoseketsa kwambiri ndi ya mu 1986. Pa pulogalamu ya BBC yotchedwa Open Air panabwera achinyamata okonda seweroli kudzadandaula za kalembedwe, alembi ake akumva. Mmodzi wa iwo, wa zaka 16, anali Chris Chibnall. Patapita zaka 32 anakhala pa mpando womwe ankaugenda, ndipo kanema wa tsikulo anthu anamufukula n'kumamutumizirana.

Izi sizikutanthauza kuti odandaula a lero akulakwa. Nkhani zina zimene zinanyozedwa kale zikunyozedwabe, ndipo palibe amene waziwombola. Zikungotanthauza kuti chiweruzo cha chaka choyamba sichikhala chomaliza. Wokonda Dynamos (DeMbare) amene anaona timu ya Sunday Chidzambwa ikufika mu fainolo ya Africa mu 1998 amayeza timu iliyonse ndi imeneyo, ndipo nthawi zina amanena zoona kuti ya lero ndi yofooka, nthawi zina akungolira unyamata wake. Kuzisiyanitsa ziwirizi n'kovuta ngakhale kwa mwini wakeyo.

Ife zikutikhudza pati

Seweroli linafika kuno kale kuposa mmene ambiri amaganizira. M'zaka za m'ma 1960 BBC inkagulitsa makope ake ku mayiko ambiri, kuphatikizapo Nigeria, Zambia ndi Rhodesia. TV inayamba mu Salisbury, lero Harare, mu 1960, pamene ku Malawi inadzafika mu 1999. Nthawi zina ndimalingalira agogo athu amene ankagwira ukhukhi m'nyumba za azungu ku Avondale ndi ku Highlands, kuti mwina wina anaona Hartnell pa kanema wakuda ndi woyera akudutsa ndi thireyi ya tiyi. Pambuyo pake BBC inafufuta matepi ake ambiri kuti iwagwiritsenso ntchito, moti magawo oposa 90 a zaka zoyambazo akusowabe. Mu 2013 magawo asanu ndi anayi osowa anapezeka m'chipinda chosungira katundu pa siteshoni ya TV ku Jos, ku Nigeria. Imodzi mwa nkhanizo, The Enemy of the World, anthu ankaiona ngati yapakatikati pamene ankangomva mawu ake ndi kuona gawo limodzi. Ataiona yonse, mbiri yake inakwera.

Mu 2025 munatuluka gawo lochitikira m'nyumba yometera tsitsi ku Lagos, lolembedwa ndi Inua Ellams, wolemba ndakatulo wobadwira ku Nigeria. M'menemo anthu otsekeredwa akukakamizidwa kusimba nthano mosalekeza, chifukwa nthanozo ndi zimene zikuyendetsa makina. Pakhonde paja, gawo limeneli ndi lokhalo limene awiri aja anagwirizana kuti analikonda. Atafunsana chifukwa chake anayambanso kukangana, mnyamatayo akuti chifukwa nkhani yake inali yomangika bwino, mlongo wake akuti chifukwa anaona Doctor atakhala pakati pa anthu ofanana naye, akuseka momasuka. Azakhali anatulukira ndi madzi osamba m'manja, ndipo amalume anakwezanso wailesi.